Nangula wa pa Dziwe la Luwiya

Lolemba, 6 Agosito 1956

Bwato ndili nalo! Lakale pang'ono, lokhota mphuno, koma langa. Ndasinthanitsa ndi kazako wanga wa ku Beira, jekete uja wa mabatani achitsulo.

Lamulungu likubwerali a Padiri afika pa njinga kudzabatiza ana, ndipo wathu Rozariya ali m'gulumo. Dzulo, pamaso pa anthu onse a kuchikamwini kuno, ndinalonjeza kuti ndiwo za phwando n'za ine: nsomba zikuluzikulu za pakati pa dziwe la Luwiya, pamene owedza a m'mphepete safikapo. Palibe anandifunsa. Ndinangodzuka n'kunena.

Vuto n'limodzi: mwera. Ndapalasa mpaka pakati, ndaika nkhafi pansi, ndaweramira kukoleka nyongolotsi pa mbedza. Podzutsa mutu ndili m'bango. Katatu konse!

Koma ine ndasenza matumba pa doko la Beira zaka zitatu. Sitima zotalika ngati mudzi ndaziona zitaima nji pa mphepo. Chinsinsi ndikuchidziwa: nangula. Nangula wabwino ayenera:
kulemera,
kugwira pansi,
kubwerera ukamukoka.

Mlamu wanga Zuze akuti, "Alamu, sitimazo munakwerapo?" Funso lopanda pake. (Sindinakwerepo.)

Lachiwiri, 7 Agosito

Mwala. Ndasankha wokongola kwabasi, wobulungira, wosalala ngati dzungu. Ndaumanga ndi chingwe cha khonje, mfundo zisanu, za ku Beira zenizeni.

Pakati pa dziwe ndauponya monga ndinkaonera: phuvu! Ndakhala pansi, ndapinda miyendo, ndayamba kuimba mluzu. Mitengo ya kutsidya ikuyenda. Ndikudabwa. Kenaka bango likundikanda m'khosi.

Ndakoka chingwe. Chabwera chokha, chopepuka, mfundo zonse zisanu zili bwinobwino. Mfundo zanga zilibe mlandu.

Nsomba: palibe.
Nyongolotsi: zatha ndi dzuwa.

Akazi anga, aNambewe, abwera kudzandilandira. Angoyang'ana m'dengu, ayang'ana ine, abwerera kokasinja.

Lachitatu, 8 Agosito

Nzeru zatsopano: thumba la mchenga. Lilibe poterera, ndipo limalemera monga ufunira mwini wake. Thumba ndatenga lija timasungiramo mtedza wa mbewu. Mtedzawo ndautsanulira m'lichero, ukhalemo pang'ono.

Lagwira! Ndithu lagwira! Mwera ukuomba, ine phee pakati pa madzi ngati bwana. Ndakweza chipewa kulonjera amayi ochapa pa mwala. Mmodzi wandiyankha.

Kenaka bwato likuyamba kukwawa. Pang'onopang'ono, ngati kamba. Kenaka ngati mbuzi. Thumbalo linali ndi kaboo ka mbewa, ndipo mchenga wabwerera kwawo.

Kunyumba, nkhuku zapeza lichero.

Zotsala:
masiku atatu,
theka la mtedza,
thumba lonyowa.

Lachinayi, 9 Agosito

Ndazindikira polakwika. Nangula wa sitima sagwira ndi kulemera kokha. Ali ndi mano! Amaluma pansi. Ndinaiwala bwanji ine, munthu wa ku Beira?

Kuseri kwa nkhokwe ya apongozi aakazi kuli makasu atatu. Mwezi uno si wolima, makasu angogona. Ndawabwereka. Sindinapemphe, poti mkamwini salankhulana ndi apongozi ake aakazi maso ndi maso. Mwambo ndi mwambo.

Ndawamanga pamodzi, mipini mbali imodzi, mano kuloza kunja. Kukongola kwake! Zuze wayenda mouzungulira kawiri, n'kuti, "Alamu, mukukapalira nsomba?"

Aseke. Nangulayu waluma. Mwera waomba mpaka chipewa changa chapita, bwato osasuntha. Ndagwira mlamba mmodzi, wotalika ngati chala changa chapakati. Ndi chiyambi.

Nthawi yobwerera, ndikukoka. Ayi. Ndikukokanso. Ayi ndithu. Ndakoka chokhala, chogwada, chopemphera. Waluma muzu wa mtengo pansipo ndipo sakufuna kulavula. Dzuwa lapendeka, manja atuluka matuza. Ndadula chingwe.

Mwa zitatu zofunika zija, ziwiri zatheka.

Lachisanu, 10 Agosito

Ndinaiwala za dimba. Apongozi ali ndi dimba kumadambo, ndipo Lachisanu ndi tsiku lawo lopalira mpiru.

M'mawa onse akhala pa khonde lawo, msana kulozetsa kwathu, akulankhula ndi galu wawo, dzina lake Samva. Mawu okweza bwino, omveka mpaka kukhola.

"Iwe Samva, makasu anga amera miyendo kodi?"

"Iwe Samva, ena akapita kutali amabwera ndi makasu atsopano. Ena amabwera ndi nkhani."

Samva wangogona. Ine ndili m'nyumba, ndikupota chingwe mwakachetechete.

Masana aNambewe andikhalira pafupi. Alankhula motsitsa: "Abambo a Rozariya, tambala alipo. Ingonenani kuti mwalephera, amayi apha." Kukoma mtima kumeneku kwandiwawa kuposa za galu zija. Ndayankha kuti munthu amene waona nyanja yamchere sangagonje pa dziwe. Ndaona mapewa awo akugwedezeka potuluka. Mwina chifuwa.

Ndapeza mwala wina kumtunda kwa doko. Uwu uli ndi chiuno pakati, chingwe sichingapulumuke. Kulemera kwake ngati mwana wa ng'ombe. Zuze wavomera kundithandiza kuugubuduza mawa. Wavomera msanga kwambiri.

Loweruka, 11 Agosito

Ndilemba mwachidule, poti m'khutu mukadali madzi.

Mwala tauika m'bwato. Bwato latsika mpaka madzi atsala zala ziwiri kuti alowe. Kumphuno sindingafike nditaunyamula, choncho chingwe ndachimanga m'mbali, pafupi ndi pokhala ine. Pa mwala wochapira pali anthu ambiri lero, ena opanda n'chochapa chomwe. Zuze wayenda m'mudzi kulengeza.

Pakati pa dziwe. Ndaimirira. Ndaukumbatira. Mwera wafika nthawi yake yeniyeni.

Mwala wapita, bwato lautsatira, ine ndatsatira bwato.

Apa ndiulule chimene sindinauzepo munthu kuchikamwini kuno: kusambira sindidziwa. Ndamenya madzi, ndamwa, ndafuula "Sokoro!" m'Chiputukizi, kenaka "Mayo ine!" m'chinenero chathu. Ndaona Rozariya akubatizidwa wamasiye. Ndayamba pemphero la kulapa, ndaiwala pakati.

Ndiye mawu a aNambewe kuchokera kumtunda: "Imirirani! Abambo a Rozariya, tangoimirirani!"

Ndaimirira.

Madzi a m'chifuwa.

Sabata yonse ndakhala ndikuponya mikono khumi ya chingwe pamalo pamene nkhafi yanga ikadagunda pansi. Nsungwi imodzi yozika m'matope ikadagwira bwato. Zuze, misozi ili mbwembwembwe ndi phwete, akuti, "Mwezi uno dziwe limaphwa, alamu, aliyense amadziwa. Inu simunafunse."

Poyenda kubwerera kumtunda ndapunthwa pa chinthu chakuthwa. Makasu! Ndamira dala, ndawazula pa muzu, ndatuluka nawo pa phewa, magazi ali chuchuchu ku chala. Anthu aomba m'manja. Sindikudziwa ankaombera chiyani.

Lamulungu, 12 Agosito

A Padiri afika, fumbi mpaka m'ndevu. Nkhani yanga yawapeza asanatsike pa njinga. Pondigwira chanza ati m'Chiputukizi, "Bon diya, kapitawo wa sitima." Dzinalo lagwira pompo. Ndikuona kuti ndifa nalo.

Rozariya wakhala chete mwambo wonse, wokongola m'kansalu koyera. Madzi atangomukhudza pamphumi, walira mpaka mpheta zathawa pa denga la tchalitchi. Kumbuyo kwamveka mawu a Zuze: "Watengera atate ake." A Padiri omwe aluma mlomo.

Ndiwo za phwando:
tambala wa apongozi,
mpiru wa ku dimba la apongozi,
matemba amene aNambewe ndi ang'ono awo akokola ndi nsalu m'madzi a m'mawondo,
mlamba wanga uja, pa mbale yakeyake. Wandiikira ndani sindikudziwa.

Ndadya zonse. Zakoma. Mawa ndikupita ku dimba, khasu limodzi mwa atatu aja landiyembekezera pakhomo.

Madzulo ano ndatsikira ku dziwe ndekha. Mwera ukuomba kuposa masiku onse, bango lagona pansi, mafunde akuyera. Pakati penipeni pali bwato langa, chadodolido, msana wokha ukuoneka ngati mvuu. Ndakhala pamenepo nthawi yaitali, ndikuliyang'anitsitsa.

Silikusuntha ngakhale pang'ono.