Khofi Wotsiriza wa Ababa

Usiku wathawu ndinalota zinthu, anzanga, khalani pansi ndikuuzeni. Mukudziwa kuti chimwalirireni ababa kwathu ku Ntchisi ndakhala ndikusunga kathumba ka khofi wosakazinga amene anathyola okha chaka chawo chomaliza. Ndinagulanso wa ku Misuku ndi wa ku Thyolo kuti ndiphunzire kusakaniza monga ankachitira iwo, koma miyezi isanu ndi itatu yatha ndisanayese. Mantha. Ndikapsereza, wina ndikamutenga kuti? Munda wawo wa khofi uja achimwene anazulamo mitengo yonse n'kudzalamo soya.

Ndiye m'malotomo ndili pakhonde kuno ku Kawale, dzuwa likuswa mtengo, chiwaya chili pa mbaula. Chiwayacho chinatsokomola n'kunena kuti, "Mayi, ine ndatentha kalekale. Muthira kapena ndizipita?"

Ndisanayankhe, timatumba tija tinamasuka tokha. Khofi wa ku Misuku anati, "Ine ndimawawasa pang'ono ngati malambe. Mundiike pang'ono, ndinu ophunzira." Wa ku Thyolo anaseka ndi mawu amanzenene. "Musamumvere wa kumapiriyo. Ine ndine wolemera, ndimabisa zolakwa za wokazinga." Anayamba kukangana ngati amayi a pa mjigo. Koma wa ababa, njere zake zinkangondiyang'ana.

Mwadzidzidzi khonde lija linayamba kuyenda, ndiye ndinaona kuti ndi minibasi, mbaula ili pamiyendo panga koma osandiotcha. Kondakitala anali mtondo wanga, munsi ukulendewera pakhomo. "Mponela, Ntchisi, Mponela, Ntchisi. Sunthani, mayi, sefa akhale."

Tinayenda mpaka msewu unasanduka mtsinje wa utsi wonunkhira, ndiye kutsogolo kunali chingwe chotchinga njira. Panaima bambo wa jekete lakuda ndi kolala yoyera, faelo kukhwapa.

"Chiphaso chokazingira khofi chili kuti?"

"Ndilibe, bwana. Ndikungoyamba kumene."

"Woyamba kumene saloledwa kuyamba. Bwerani mukazolowera."

Akulankhula choncho mphuno yawo inkatalika, manja a jekete n'kumera nthenga, mpaka anasanduka khwangwala, kolala ija ili pomwepo. Anajompha kathumba ka ababa n'kuuluka nako. Ine kumbuyo, nsapato m'manja, miyendo ikulemera ngati ndikuyenda m'dambo. Ndinkafuna kukuwa koma mawu ankatuluka ngati nthunzi. Chiwaya chinkathamanga pambali panga chikuti, "Mukanathira kale zonsezi kulibe."

Ndiye khwangwala uja anatera pa mtengo wa khofi, ndipo nditayang'ana bwino ndinaona kuti ndi munda wathu, mitengo yonse ili chilili, zipatso zitapsa psuu. Pansi pake panakhala ababa pa kampando kawo kothyoka mwendo, atavala chipewa chija chobooka. Anatambasula dzanja, mbalame ija n'kuwapatsa kathumbako mwaulemu, n'kuwomba mapiko ngati ikuwomba m'manja.

"Esinta, wachedwa," anatero ababa. "Bweretsa chiwayacho."

Ndinagwada. "Ababa, sindidziwa muyeso."

"Manja awiri a kwathu, dzanja limodzi la ku Thyolo, ndi kadzanja ka ku Misuku kongopatsa moni. Moto usakhale waukali. Takasa osaleka."

Anandigwiritsa mthiko. Njere zinayamba kusintha, kuchoka kubiriwira, kukhala ngati udzu wouma, kenako ngati mtedza wokazinga. Makoko ake ankauluka n'kusanduka agulugufe. 

"Nanga ndikapsereza? Ameneyu ndi wotsiriza, ababa. Akatha ndiye kuti inunso mwatha."

Anaseka mpaka chipewa chinagwa. "Chaka chimene unabadwa iwe ndinapsereza ndowa yathunthu, yakuda bii ngati makala. Amako anamwa mwezi wonse osanena kanthu, kungothira shuga wambiri. Khofi wosunga m'kabati amafa yekha, mwananga. Bola womupsereza, ameneyo nyumba imanunkhirako."

Ndinafuna kuwafunsa ngati kumene aliko kumazizira, ngati chifuwa chija chinaleka, koma anaika chala pakamwa.

"Usayang'ane ine. Mvetsera. Akayamba kuthetheka ngati chimanga chokazinga, uwerenge pang'ono, uphule."

Ndinatchera khutu. The. Kenako the, the. Ndiye munda wonse unayamba kuthetheka, masamba, miyala, ngakhale kampando kaja. Mtondo unafika wokha n'kuyamba kusinja, madzi anawira opanda ketulo, ndipo mwadzidzidzi m'manja mwa ababa munali kapu yachitsulo ikufuka nthunzi. Anaiuzira kawiri monga ankachitira ndi phala langa ndili mwana, n'kundipatsa. Inali yotentha m'manja. Ndinaibweretsa kukamwa, kuthetheka kuja kukukulirakulira.

Kutsegula maso, ndi mvula, madontho oyamba akugwa pa malata amodziamodzi. Kunja kutayera kale, mayi a nyumba yoyandikana nayo akuitana kuti ndikaanule zovala. Ndinakhala kaye pabedi, manja onse awiri atafumbata kapu yomwe panalibe.