Batala M'thumba la Jekete

Ndapempha malo ano mwaulemu kuti ndilongosole chifukwa chake anthu a ku Luembe amanditcha aBatala mpaka lelo, popeza nkhaniyi ikufotokozedwa molakwika, makamaka ndi alamu anga.

M'masiku a chipani chimodzi ndinali mesenjala pa boma la Petauke. M'masitolo munalibe kanthu. Tsiku lina nditatumidwa ku Nyampande, ndinapumula pakhomo pa aTembo, mlimi wa ng'ombe zamkaka. Amai a pakhomopo anali kuwengula zonona za mkaka, kuziika m'chipanda, ndi kukhutchumula kufikila zitagwilana n'kukhala batala. Anathilamo kamchele, nandipakila pa mbatata yootcha. Ndivomela kuti ndinadya mosalingana ndi udindo wanga.

Pa nthawiyo ndinali kufunsila Esitele wa ku Luembe, kumene ng'ombe kulibe chifukwa cha ntchentche za kashembe. Makolo ake anali asanavomele, ndipo mphunzitsi wina wochokela ku Kasama anali kuzungulila pakhomopo ndi njinga yatsopano. Ndinaganiza kuti batala angagonjetse njinga.

Amai aTembo anandikulungila batala m'tsamba la nthochi, nati, "Muike m'chitini cha madzi, bambo. Uno ndi Okutobala."

Ndinathokoza, koma ndinaona kuti munthu wa boma wovala suti sanganyamule chitini ngati wopita kuchitsime. Motelo ndinaika phukusilo m'thumba la m'kati mwa jekete, pamtima penipeni (maganizo amenewa anali anga ndekha, sindinamizila munthu).

Ndinanyamuka m'mamawa ndi aSakala, amene anali kukandilankhulila. M'basi batala anafewa. Pa Nyimba anayamba kununkhila. Titafika ku Luembe, akuluakulu anakhala pamthunzi wa mango, ine anandipatsa kampando padzuwa. Mwambo sulola wofunsila kutsegula pakamwa pamaso pa apongozi, ndipo aSakala ndi munthu woyamba nkhani kuchokela kwa agogo a agogo.

Choyamba ndinamva kutentha kukutsika m'nthiti. Kenaka kunafika palamba. Nyelele zinakwela nsapato. Potsiliza galu wa pakhomopo anabwela, nakhala pafupi nane, nayamba kunyambita bondo langa mwachikondi. Ine ndinayang'ana kutsogolo monga pokweza mbendela.

Amai a Esitele, amene anakhala patali pamphasa, anadula nkhani. "Imwe aSakala, munthu wanuyu akuchucha. Ali ndi chilonda?"

"Ndi thukuta chabe, amai. Anthu a boma sanazolowele dzuwa."

"Thukuta lachikasu? Nanga galu anayamba liti kukonda thukuta?"

Amalume a Esitele anaimilila. "Mwana wathu sitingampeleke kwa wodwala. Avule jekete tione!"

Apa ndinaona njinga ikupambana. Ndinagwada, ndinatulutsa tsamba lija, ndi kulipeleka ndi manja awili. Ndinaphwanyanso mwambo, ndinati, "Amai, landilani mphatso ya batala, kapena kuti zotsala zake."

Kuseli kwa nkhokwe kunamveka kuseka. Anali Esitele. Anatulukila ndi chinangwa chotentha, anachipukutila patsambalo, napatsa amai ake. Iwo anatafuna nthawi yaitali.

"Nanga zambili zili kuti?"

"Zili m'jekete, amai," anayankha aSakala.

"Basi jekete itsale. Mwini wake apite akatenge zina, abwele nazo zili zamoyo. Pamenepo tidzavomela."

Chotelo mwezi wotsatila boma lonse la Petauke linandiona ndikupita kubasi ndili m'malaya okha, chitini cha madzi chili m'manja. Esitele ndi mkazi wanga, ndipo chitini chija chikalipo. Dzuwa ndimaliopa tsopano, koma batala wa ku Nyampande sindinamuleke.

Pomaliza ndifuna kukonza bodza limene alamu anga amafalitsa pamaukwati, lakuti galu anadya jekete yonse. Sizoona ayi. Anadya thumba lokha.