Juzi Yofiira ndi Yankho la a Nambewe

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda. Koma poti amayi a Mvano kwathu ku Nsaru ayamba kale kuikamba mothira mchere wambiri, bola ndiikambe ndekha mwini manyazi. Sekani ndithu, koma musekere kumbali, ine ndi mkulu wa mpingo.

Ndine Mwale, mphunzitsi wopuma pantchito. Mayi a kunyumba, a Nankhoma, anatisiya zaka zapitazo, ana onse ali m'tauni, ndipo nyumba inangokula mwadzidzidzi. Ndiye pa ukwati wina ku Namitete ndinaona a Nambewe, mayi wamasiye wa ku Mpingu, akugawa thobwa. Abale, mtima wa nkhalamba unadumpha ngati wa mwana wa Fomu Thu!

Mawu anga ndinawapereka mwaulemu wake. Iwo anandiyang'ana kuyambira kutayi mpaka kunsapato.

"Kodi aphunzitsi, chipumireni pantchito, tsiku lonse mumatani?"

"Ndimawerenga, mayi. Ndimaganiza."

"Oho. Mumaganiza." Anapukuta chikho pang'onopang'ono. "Nanenso ndikaganize. Yankho mudzalimva Loweruka."

"Tikakumane kuti?" ndinafunsa, kenako n'kudziyankha ndekha. "Ku supamaketi yatsopano ija atsegula m'mbali mwa msewu, kungodutsa pa Mpingu."

Ana a lero simungamvetse chifukwa chake ndinasankha kumeneko. Kale supamaketi sikunali kogula kokha ayi, kunali kokaonekera. Mwezi ukatha, ine ndi a Nankhoma tinkasitiratu zovala dzulo lake ndi simbi ya makala. Basi ya ku Lilongwe inkatisambitsa fumbi, choncho nsapato zabwino tinkazinyamula m'chikwama, n'kukazivala titatsika.

Ukalowa, kamphepo kozizira kankakulandira kumaso. Fungo la polishi, la buledi wotentha, la maapozi okulungidwa lililonse m'kapepala kake ngati makanda. Kanyimbo kapansipansi kankatsika kuchokera kudenga, woimba wake osamuona. Anthu ankayenda mofatsa ngati akupita kukalandira Mgonero: abambo tayi pakhosi, amayi duku lowala ndi nsapato za gogoda, go, go, go pasimenti. Mukakumana pa shelefu ya sopo, chipewa m'manja, "Mwaswera bwanji, bambo?"

Tinkagula kachitini kamodzi ka jamu, koma kusankha kwake ngati tikusankha ng'ombe. A Nankhoma ankakatembenuza, kukabweza, kutenga kena, n'kundinong'oneza, "Bambo, kodi azungu amadya zonsezi?" Thumba la pepala tinkaliwongola bwinobwino n'kulisunga pansi pa matiresi. Jamu akatha, chitini chinkakhala pakabati kuti alendo achione. Ndimazikumbukira zimenezo mpaka misozi imalengeza.

Ndiye ndinati, a Nambewe akandione m'malo amenewo, ndili mu ulemerero wanga, sangandikane.

Loweruka linacha ndi chisanu cha mu Juni. Kutsegula sutikesi, mayo ine, njenjete zinachita phwando pa jekete langa! Ndinavala malaya oyera mbee, thalauza lakuda, tayi, ndi juzi yofiira psuu yopanda manja imene anandilukira malemu. Pathumba zolembera ziwiri, yabuluu ndi yofiira, paja mphunzitsi sapuma m'thumba. Mu minibasi anandipanikiza pakati pa thumba la mtedza ndi mayi wa nkhuku, koma ine ndinali kutali, ndikuyenda m'maloto pakati pa mashelefu, a Nambewe atandigwira mkono.

Ndinalawirira dala. Pakhomo ndinaima kupukuta nsapato pachopondera, monga mwa mwambo.

"Madala, tidutse!" Mnyamata wina anandikankha ndi phewa, ulendo m'kati.

Kulowa, kamphepo kozizira kaja kanalipo ndithu. Ndinatsinzina, mtima unati myaa. Kutsegula maso, ha! Bambo wamkulu, mimba kutsogolo, ali mu kabudula ndi patapata. Mayi wina zovala zake zinali zogonera zenizeni, kumutu kaneti. Mtsikana akuyankhula yekha, tizingwe m'makutu. Wina akujambula paketi ya shuga ndi foni, wina wayamba kale kubudula buledi asanafike pa tilu. Matroli akuthamanga ngati akabaza pa Nsaru tsiku la msika. Moni? Ndi ndani?

Ndinamva chisoni, ndikuuzeni zoona. Ndinadziona ndekhandekha m'dziko la eni.

Kenako ndinawaona. Chakumapeto, pafupi ndi mafiriji, panaima anyamata ndi atsikana angapo, malaya oyera, mathalauza akuda, majuzi ofiira opanda manja. Mtima unabwerera m'malo. Ndinati, aha, alipobe makasitomala odziwa kuvalira sitolo!

Ndinawayandikira. "Mwadzuka bwanji, ana anga?"

Onse anaima njo. Mmodzi anabisa foni kumbuyo msangamsanga.

"Tadzuka bwino, bwana!"

Mukuona? Ana oleredwa bwino. Ndinati amenewa makolo awo ayenera kuti ndi a mpingo wathu. Mmodzi kolala inali itapindika, ndinamukonzera. Anati, "Sorry, bwana, sizichitikanso." Ndinasangalala kwabasi.

Ndikuyendayenda, manja kumbuyo, mtsikana wa tizingwe uja anandikodola.

"Excuse me, mafuta ophikira ali pati?"

Ndinamwetulira. Mwa anthu onsewa, mwanayu wasankha ine. Imvi zimaonekera patali, eti? Mafutawo ndinali nditawaona kale, ndinamuperekeza, ndinamulangizanso kuti atenge botolo lakumbuyo, lakutsogolo limagwiridwagwiridwa. Sanathokoze, koma ndinamukhululukira.

Sindinapite patali, bambo wa kabudula uja.

"Boss, tanditsitsireniko mpunga uwo pamwambapo."

Ndinatsitsa. Kodi si paja kale tinkathandizana choncho? Ndinam'funsa za kunyumba, iye n'kuyankha foni.

Mbiri inafala ngati moto wa m'chilimwe. Uyu, "Matewera a ana?" Uyo, "Nkhuku zatha kodi?" Agogo ena anandipatsa botolo la mankhwala a chifuwa kuti ndiwawerengere tizilembo. Ine ndikungoloza uku, kuloza uko, chifuwa patsogolo. Chipumireni pantchito ndinali ndisanafunidwepo chonchi. Ndinayamba kulota kuti masiku akale abwerera, kuti anthu a patapatawa ankangosowa munthu mmodzi wa tayi kuti akumbukire ulemu. Ngakhale kanyimbo ka kudenga ndinkakamva kakukoma.

Mayi wa zogonera uja ndiye anabwera ndi ukali, paketi ya mkaka ili m'mwamba.

"Taonani! Mkaka uwu watupa! Mukufuna kutipha?"

"Pepani, mayi, mtima pansi."

"Mtima pansi chiyani? Anthu inu mumatitenga ngati zitsiru!"

Ndinadabwa ndi "anthu inu" ameneyo, koma ndinati akunena ife amuna. Milandu ya mabanja ndaweruza yambiri kumpingo, iyi inali yaing'ono. Ndinakodola mmodzi wa ana oleredwa bwino aja.

"Mwana wanga, tawapezereko amayiwa mkaka wina."

Anathamanga ngati watumidwa ndi mfumu. Ndinati m'mtima, kasitomala kuthamangira kasitomala mnzake chonchi, ndiye chikondi cha pa abale chimenechi. Ndinaganiza zoti ndidzachitchule pa ulaliki.

Ndiyeno panamveka phwaa! Botolo la tomato sosi linagwa pakati pa njira, simenti yonse psuu. Mmodzi wa anzanga a juzi anatulukira ndi ndowa ndi mopu. Apa munthu wanzeru akanadzifunsa kuti kasitomala mopu waitenga kuti. Ine ayi. Chimene ndinaona ndi kakolopedwe kake: akungopaka uku ndi uku ngati akuzira nyumba.

Uphunzitsi unandikwera kumutu.

"Iwe, sitikolopa choncho! Bweretsa kuno!"

"Ayi bwana, musavutike..."

"Bweretsa! Umayambira m'mbali, kusonkhanitsira pakati. Wafinya, wabwereza. Ona!"

Ndinapinda malaya, tayi ndinaiponya paphewa. Zaka zonse zija ndinkayang'anira ana akukolopa makalasi Lachisanu sizinapite pachabe. Mopu inkayenda yokha, simenti inayamba kuwala ngati ya sitolo yakale ija. Ndinafika poimba kanyimbo ka m'buku chapansipansi. Magalasi osweka ndinagwada n'kuwatola limodzilimodzi.

Ndili chigwadire, ndinamva go, go, go.

Nsapato za gogoda. Ndinakweza maso pang'onopang'ono: chitenje chatsopano, bulauzi yoyera, kachikwama pamkono, duku lowala. A Nambewe! Munthu yekhayo m'sitolo monse amene anavalira supamaketi monga mwa kale, wokongola ngati watuluka m'maloto anga aja. Ndipo anaima chilili, maso ali pa mopu.

Ndinadzuka kuti ndiwalonjere. Podzukapo ndinayang'anizana ndi chitseko cha galasi cha firiji, ndipo m'menemo ndinaona anthu awiri: mnyamata wa ndowa ndi ine. Malaya oyera, malaya oyera. Juzi yofiira, juzi yofiira. Kusiyana kwake kunali imvi, tayi, ndi kabaji ka dzina la sitolo pachifuwa pake.

Mayo! Thukuta linatuluka m'chisanu chonsecho.

Ndisanatsegule pakamwa, bambo wa kabudula anatulukira, troli itadzaza thoo.

"Madala, mukamaliza apo mundikankhireko iyi ku galimoto. Fast fast, ndachedwa."

Ndinafuna simenti ing'ambike ndilowe. Ndinatembenukira kwa a Nambewe.

"Mayi, ndifotokoze. Nkhani yake ndi yakuti..."

"Musafotokoze, aphunzitsi." M'maso mwawo munali misozi. "Ine ndinabwera ndi yankho lokana. Ndinati mwamuna wongokhala pakhonde ndi tayi, kumaganiza, ine ndizimuphikira, kumuchapira, kumukolopera, ayi ndakula nazo. Kani mumagwira ntchito chonchi, osauza munthu? Bambo wamkulu ngati inu kugwada pansi osachita manyazi? Ndalola, a Mwale. Ndalola ndi mtima wonse."

Abale, mukanakhala inu mukanatani? Choonadi chinali pamlomo penipeni, koma paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinapereka mopu kwa mnyamata uja, ndinagwira troli.

"Galimoto ili pati, bwana?"

Ndinaikankha mpaka panja, mkulu wa mpingo, hedimasitala wakale, kutsogolo kuli patapata zikuti phwa, phwa, kumbuyo a Nambewe akunditsatira monyadira, go, go, go. Ndinalongedza katundu m'buti. Bamboyo anati, "Mwagwira ntchito, madala, muwauze akukwezeni," ulendo.

Pobwerera tinakumana ndi manijala weniweni pakhomo, kamtsikana kovala jinzi. Kanandiyang'ana juzi, kanandiyang'ana nkhope.

"Pepani bambo, kodi mwachokera ku head office? Sanandiuzetu."

"Ndachokera ku Nsaru," ndinayankha motsitsa, n'kukokera a Nambewe kumbali msanga.

Tinakagula kachitini ka jamu. Anakatembenuza, anakabweza, anatenga kena, ndipo mtima wanga unasungunuka. Koma chikumbumtima sichinandipatse mpata. Mawa lake linali Lamulungu, ndipo ine ndinali pa ndandanda yowerenga mawu. Tili pa siteji kudikira minibasi, ndinalimba mtima.

"Mayi, sindingayambe banja ndi bodza. Ine sindigwira ntchito muja. Ndinangovala monga tinkavalira kale pokagula, anthu n'kundiyesa wantchito. Inenso sindinadziwe mpaka ndinadziona pa firiji. Ngati yankho lanu libwerera, libwerere, koma mtima wanga usweka."

Anandiyang'anitsitsa. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka. Anaseka, anaseka, mpaka anakhala pansi pa thumba la makala la eni ake, duku litapendekeka. Akabaza onse anatembenuka.

"Ndiye mkaka uja munkaweruza ngati ndani?"

"Kani munaona?"

"Ndinaima kumbuyo kwa shelefu ya sopo kuyambira pa mpunga paja!"

Ndinagwetsa nkhope. "Tsono yankho lija?"

Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Yankho silisintha, a Mwale. Kaya amakulipirani kaya sakulipirani, ine chimene ndaona ndi maso angawa n'chakuti kukolopa mumakutha. Mumayambira m'mbali, kusonkhanitsira pakati, eti? Simenti ya kunyumba yapeza mwini wake."

Tinadalitsa ukwati chimanga chitalowa m'nkhokwe. Pa perekaniperekani, amayi a Mvano anabwera pamzere akuvina, atanyamula mphatso yaitali yokulungidwa bwino, riboni yofiira pamwamba. Sindinafunike kuitsegula. Mpingo wonse unalulutira, ndipo abusa anayang'ana kudenga, milomo ataluma.

Lero m'mawa uliwonse a Nambewe amakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi. Ndikawafunsa kuti akutani, amati, "Ndikuganiza, bambo. Pakona apo mwasiyapo."

Kale tinkavala bwino kuti akatipatse ulemu m'sitolo. Masiku ano ukavala bwino, amakupatsa mopu.