Kudikira Kuti Eyakoni Ipume

Lolemba
Julaye kuno ku Girrawheen, kutsidya la nyanja, kuzizira kolowa m'mafupa. Mkazi wanga wanyamuka kupita kuntchito ku mgodi, abwera Lamulungu. Tatsala atatu: ine, Tadala khanda lathu, ndi apongozi amene anabwera kudzalera mdzukulu. Munthu wa ku Dedza, koma akudandaula kuzizira. Anena kale kuti zikapitirira abwerera kumudzi. Akapita, sukulu yanga yaima, wolera mwana ndine.

Malangizo a mkazi wanga: eyakoni ndiyatse mbali yotenthetsa, ndisaigwiregwire, nyumba ikafunda imapuma yokha. Pulani yanga ndi yophweka. Ndione kuti imatenga nthawi yaitali bwanji kuti ipume.

Lachiwiri
Sikupuma. Chibokosi chake chili panja kuseri kwa khitchini, chikungolira. Ndatenga mpando ndi laputopu, ndakhala pambali pake kuti chikaima ndimve. Kunoko n'kwabwinonso. Mkamwini sakhala pabalaza ndi apongozi ngati anzake a bawo.

Lachitatu
Chitseko cha kukhitchini chili pululu. Ndatseka mwakachetechete. Kungotembenuka, chatsegukanso. Ndi apongozi, koma kuwauza sindingathe. Chikwatirire, nkhani zathu ndi "Mwadzuka bwanji" basi, nayonso ndimayankha maso ali pansi.

Lachinayi
M'mawa chibokosi chaima. Chikufuka nthunzi, madzi chuchuchu pansi. Ndasangalala, kenako mantha. Ndaitana aneba athu a ku Zambia, odziwa za magetsi. Asuzumira pampanda: "Iyo ichosa chabe aisi, izayamba futi. Manje imwe mufuna kutenthesa Girrawheen yonse? Valani chiseko."

Asanamalize kuseka yayambadi.

Lachisanu
Ndayesa kudzera mwa mwana. Ndamunyamula, ndikunena mokweza: "Tadala, chitseko chikakhala chotsegula kutentha kumathawa, wamva?" Apongozi nawo kwa Tadala: "Uwauze bambo ako tiyi wawo akuzizira."

Chitseko chili momwemo.

Zomwe ndavala: juzi, juzi ina, chipewa, masokosi a mkazi wanga. Chimfine chayamba.

Loweruka
Mvula. Ndili pansi pa ambulera. Lero apongozi atsegula ndi zenera lomwe. Iwo ali m'bulangete, akutsokomola. Eyakoni ikulira ngati chigayo nthawi yokolola, laputopu yanyowa, sindinalembe ndi mzere umodzi womwe.

Polowa ndaona sutikesi yawo yatsika pamwamba pa wadiropu. Ndada nkhawa kwambiri, nkhomaliro sinalowe.

Lamulungu
Mkazi wanga wafika. Wakambirana ndi mayi ake kuchipinda, watuluka kudzandiuza. Chitseko chija amatsegulira ine, kuti kutentha kuzindifikako panjapo. Akuti: "Mwana wa eni ake sabata yonse pabwalo, nyumba ndi yake, chifukwa cha ine. Ulemu umenewu udzamupha. Bola ndizipita."

Ndapempha kuti akawafotokozere kuti ndimadikira makina. Wakafotokoza. Akuti munthu woleredwa bwino amayankha choncho. Tikiti asintha kale, anyamuka Lachinayi.

Chitseko chatsekedwa, eyakoni yapuma tisanamalize kudya. 

Madzulo ano apongozi akundiphunzitsa kubereka mwana kumbuyo. Ine ndawerama pakati pa balaza, chitenje chili m'khwapa. Iwo akuuza Tadala kuti auze bambo ake amange zolimba.