Wotchi Yopukusa Inadula Nyimbo ya Apongozi

Masiku ano ndikamapita ku Bangwe ndimatsikira siteji ina, n'kudzera kuseri kwa msika nditaweramitsa mutu. Sindinabe kanthu, sindinamenyanenso ndi munthu. Ndinangogula wotchi basi. Nkhaniyi ndatopa nayo kuifotokoza pang'onopang'ono kwa aliyense wondifunsa, ndiye lekani ndiinene kamodzi, yonse, kenako mundisiye ndipume.

Ine ndimakhala ku Chilomoni ndipo ndimagwira ntchito m'sitolo ina ya penti ndi misomali ku Limbe. Moyo wanga wonse nthawi ndinkaionera pafoni ngati wina aliyense, ndipo sindinkachedwa kuposa mmene anzanga amachedwera. Tsiku lina kasitomala wina wa imvi anatambasula mkono kuti aloze chitini cha penti, ine n'kuona wotchi yomwe muvi wake wa masekondi sunkadumpha ayi, unkangoyenda myaa. Ndinawafunsa kuti imeneyi ndi yamtundu wanji.

"Iyi ilibe batire, achimwene," anatero mkuluyo. "Ndi yopukusa. Imadya chala cha mwini wake m'mawa uliwonse."

Anaivula n'kundiika pakhutu. Thi-thi-thi-thi. Matenda anga anayambira pamenepo.

Bandulo ya intaneti ya mlungu wathunthu inayamba kutha masiku awiri. Ndinkaonera mavidiyo a anthu ovala magolovesi oyera akutsegula mawotchi, kuchotsa timawilo tating'ono ngati nthangala za bonongwe, kutsuka, kubwezeretsa. Pakutha pa mwezi ndinkadziona ngati katswiri (ndisanagwirepo ngakhale wotchi imodzi yotere).

Yanga ndinaipeza mu msika wa Ndirande, pathumba loyala pansi, pakati pa machaja ndi magalasi a dzuwa. Wogulitsayo anati, "Zonsezi ndi za batire, bwana, zikuyenda. Iyo isiyeni, ndi yakufa." Ndinaitola yakufayo, n'kupukusa kachitsulo ka m'mbali. Muvi unadzuka. Cholakwa changa n'chakuti ndinamwetulira iye akuona. Mtengo wake unadzukanso nthawi yomweyo, ndipo tisaunene pano poti mayi a Tadala amawerenga.

Mayi a Tadala ndi akazi anga. Amasoka zovala pakhonde pathu ndi makina opalasa ndi mapazi. Nditawalongosolera kuti wotchiyi imafuna kupukusidwa tsiku ndi tsiku, siifuna madzi, siifuna fumbi, siifuna kugwa, anaimitsa makina n'kundiyang'ana.

"Ndiye mwagula wotchi kapena mwabweretsa mwana wina pakhomo pano?"

Sanalakwe. M'mawa uliwonse ndinkaipukusa ndisanasukusule. M'minibasi ndinkakweza mkono m'mwamba ngati munthu wovulala, kuopa kuti ingagundidwe ndi chitseko. Mvula ikagwa ndinkaikulunga mu jumbo. Ndipo pa zonsezi, iyo inkandibwezera pochedwa ndi mphindi zitatu tsiku lililonse.

Ndinapita nayo kwa Che Saidi, mkulu wokonza mawotchi yemwe amakhala pakatebulo pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Anaika kagalasi kawo padiso, n'kumvetsera, n'kupukusa mutu.

"Wotchi yabwino iyi, koma ili ndi litsiro la zaka zambiri. Isiyeni milungu iwiri ndiitsuke."

"Milungu iwiri?"

"Ngati muli ndi changu itengeni. Koma osatsegula. Mukatsegula nokha, njira yobwera kuno muiiwale."

Ndinaitenga. Sindikanatha kuisiya, chifukwa pakamwa panga panali patandiika kale m'mavuto. Kutchalitchi kwathu ndinali nditaonetsa wotchiyo kwa aliyense, kufotokoza kuti foni imanama, batire imatha, koma chitsulo ndi chitsulo. Ndiye pamene parishi yathu inkakonza mpikisano wa makwaya, a Semba, omwe ndi atcheyamani a komiti, anaimirira pamsonkhano n'kunena kuti, "Za wosunga nthawi tisavutike. Tili naye munthu wa wotchi yeniyeni." Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaimirira n'kuwerama pang'ono (ndimakumbukira kuweramako, ndipo kumandiwawa).

Lamulo linali lakuti kwaya iliyonse iimbe mphindi seveni. Zikakwana, wosunga nthawi aimbe belu, kwaya isiyire pomwepo. Yopitiriza ichotseredwe mapointi.

Pakati pa makwaya obwerawo panali ya amayi a ku Bangwe, ndipo woitsogolera anali apongozi anga enieni, mayi awo a mayi a Tadala. Kwawo ndi ku Nsanje. Chaka chathachi anadwala kwambiri mpaka tinayamba kunong'onezana, koma anachira, ndipo atachira anapeka nyimbo ya Chisena yothokoza Mulungu. Miyezi iwiri amayiwo anakhala akuyeserera, kudula apa, kufupikitsa apo, mpaka nyimbo zawo ziwiri zinakwana ndendende mu mphindi seveni. Yunifomu yawo yatsopano inasokedwa pakhonde pathu. Zonsezi ndinkazidziwa bwino.

Loweruka la mpikisano, m'mawa, mtima unayamba kundivuta ndi mphindi zitatu zija. Wosunga nthawi wa parishi yonse, wotchi yake n'kumachedwa? Mayi a Tadala anali atapita kale ku holo kukathandiza kuvala amayi. Patebulo panali mpeni wa masamba. Pakhonde panali kabotolo ka mafuta a makina osokera. Ndinaganiza kuti makina ndi makina.

Chivundikiro chakumbuyo chinatseguka mosavuta, ngati chinkandidikira. Mkati munali mokongola zedi. Ndinafuna kuthira kadontho kamodzi pakawilo komwe kamapita uku ndi uku. Anatsika madontho atatu. Ndinapukuta ndi kansalu, n'kutseka, n'kuika pakhutu. Kulira kwake kunali kutasintha, kunali kwachangu, kwamphamvu. Ndinati yachira! Ndinaiika pa naini koloko molingana ndi wailesi, ndinavala jekete, ulendo.

Nditafika ku holo, wotchi inkati teni koloko yapitirira kalekale, koma anthu anali akuyalabe mabenchi. Ndinapita kwa a Semba ndi nkhope yolimba.

"Atcheyamani, tinati teni koloko. Dziko lino silidzatukuka ndi kachedwedwe kotereka."

A Semba, thukuta lili kamukamu, anapepesa osayang'ana n'komwe foni yawo. Anafulumizitsa anthu, analengeza kuti mafoni onse azimitsidwe polemekeza nyimbo za Mulungu, ndipo anandikhazika patebulo la nsalu yoyera, pakati pa majaji ndi bambo mfumu. Patsogolo panga anaikapo belu lamkuwa lobwereka kusukulu.

Oyamba anali achinyamata a ku Zingwangwa. Nyimbo yoyamba inatha bwino. Yachiwiri itangofika pokoma, muvi unakwana. Ngiriri! Wotsogolera kwayayo anatsala manja ali m'mwamba. Anatembenuka n'kundiyang'ana modabwa, ine n'kumuonetsa mkono, kugogoda galasi la wotchi ndi chala. Anatsika akung'ung'udza.

A ku Machinjiri, ataona zimenezo, anaimba mothamanga ngati minibasi yolimbirana anthu pasiteji. Sizinathandize. Ndinawadula asanafike pa ameni. Bambo mfumu anandiweramira.

"Nthawi ikufulumira lero, eti?"

"Nyimbo zikukoma, Bambo, n'chifukwa chake," ndinayankha motero.

Kenako analowa amayi a ku Bangwe, akuyenda pang'onopang'ono, mipango yobiriwira ikuwala m'mitu, apongozi ali patsogolo. Nyimbo yoyamba anaimba mosathamanga, ngati anthu odziwa kuti nthawi yawo anaiyeza. Ine maso anali pa muvi, ndipo muviwo unkapita. Pamene ankayamba ya Chisena ija, kunali kutatsala mphindi imodzi yokha. Amayi anatsitsa mawu, kung'ung'uza chapansipansi, apongozi n'kusuntha kubwera kutsogolo kuti aimbe gawo lawo la okha. Muvi unakwana.

Ndinaganiza zongokhala chete. Koma holo yonse inkadziwa kuti awa ndi apongozi anga, ndipo a ku Zingwangwa anali atandizungulira ndi maso. A Semba anandinong'oneza kumbuyo, "Osakondera, a nthawi." Dzanja linanyamuka lokha.

Ngiriri!

Apongozi anali atangotsegula pakamwa. Liwu limodzi lokha linatuluka, n'kuthera m'malere. Sanandiyang'ane kumaso ayi, ndi munthu waulemu wake. Anayang'ana mkono wanga.

Ndiye kumbuyo kunaimirira mayi wina yemwe sanamvere lamulo la mafoni, ndipo ankajambula chilichonse.

"Bodza limenelo! Vidiyo yanga ikuti mphindi folo ndi hafu! Bambo awa akuba nthawi!"

Phokoso linabuka. A ku Machinjiri anakwera pamabenchi. A ku Zingwangwa ankakuwa kuti abwezeredwe nyimbo yawo. Amayi a ku Bangwe anasiya Chichewa n'kuyamba Chisena, ndipo ngakhale ndimamva pang'ono chabe, tsiku limenelo ndinamva zonse. Bambo mfumu anatulutsa foni yawo m'thumba, kuiyatsa, n'kuiika pafupi ndi mkono wanga. Wotchi yanga inali patsogolo ndi pafupifupi ola lathunthu.

"Mwana wanga," anatero mofatsa, "inu muli kale pa nkhomaliro."

Belu analanda n'kupatsa asisitere ena omwe anali ndi foni. Majaji analamula kuti makwaya atatu aja aimbenso. Amayi a ku Bangwe anabwereradi, koma pofika pa gawo la apongozi, iwo anangopukusa mutu, n'kuloza pakhosi. Mawu anali atathawa. Amayi enawo anangomaliza choncho, nyimbo ili ndi chibowo pakati. Sanapambane. Ine ndinakhalabe patebulo paja mpaka mapeto, popeza kuti utuluke unayenera kudutsa pakati pa anthu onse.

Kunyumba mayi a Tadala sanakalipe. Ananyamula kabotolo ka mafuta komwe ndinasiya kosatseka patebulo, pambali pa mpeni, anakayang'ana, anandiyang'ana, n'kukatseka. Masiku atatu ndinkangomva makina osokera akulira.

Lolemba ndinabwerera kwa Che Saidi ngakhale anandiletsa. Atatsegula ananunkhiza kaye.

"Awa ndi mafuta a telala."

"Pang'ono pokha, Che Saidi."

"Mukuona kasipuling'i aka, kopyapyala ngati tsitsi? Ndi kamene kamayeza nthawi. Mafuta akakamata kamafupika, ndiye wotchi imathamanga ngati yaba kanthu. Ndinati chiyani ine?"

Ndinawafotokozera zonse za belu. Anaseka mpaka kagalasi kanagwa padiso. Ndikuganiza kuti anailandira chifukwa cha kusekako. Anati tsopano ikhala mwezi.

Chotsala chinali chovuta kwambiri. Lamlungu lotsatira tinakwera minibasi ziwiri kupita ku Bangwe, nditanyamula shuga ndi chitenje chatsopano, mawu opepesa nditawaloweza njira yonse. Titalowa mumpanda ndinaima. Kwaya yonse inali pabwalo, mu yunifomu, itandanda mizere iwiri. Pakati pa bwalo panali mpando umodzi wapulasitiki, padzuwa.

Apongozi analankhula ndi mwana wawo, osati ndi ine. "Uwauze bambo a Tadala akhale apo."

Ndinakhala. Anayamba nyimbo ija kuchokera pachiyambi, ndi mavesi onse omwe anadula pofuna kukwanitsa mphindi seveni. Pofika pa gawo lawo, apongozi anatseka maso n'kuimba. Ankanena za bedi la kuchipatala, za usiku womwe ankamva ana awo akulira pakhonde iwo osatha kuwaitana, za m'mawa womwe anapempha phala. Mawu awo si aakulu, ndipo amanjenjemera pang'ono, koma anthu oyandikana nawo anasiya zochapa n'kubwera kudzasuzumira pampanda. Mayi a Tadala ankapukuta misozi ndi chitenje chomwe tinabweretsa ngati mphatso. Ine ndinangoti zyoli. Apa m'pamene ndinadziwa chimene ndinadula.

Atamaliza, apongozi anatembenukira kwa mwana wawo. "Uwafunse ngati tapitirira nthawi."

Ndinayang'ana pamkono mwachizolowezi. Panali mzere woyera wokhawokha pomwe pamakhala lamba.

"Ayi, amayi," ndinatero. "Simunapitirire."

Amayi onse anaphulika kuseka, ena mpaka kukhala pansi. Apongozi sanaseke, koma analamula kuti mpando usunthidwire pamthunzi, ndipo anandipatsa thobwa m'kapu yawo ya alendo. Ndinamva kuti mlandu wachepa, ngakhale sunathe. Amayi a kwaya ija akandiona mpaka lero amayamba kung'ung'uza nyimboyo chapansipansi.

Wotchi inabwera kuchokera kwa Che Saidi ikuwala, ndipo tsopano imangochedwa mphindi imodzi patsiku. Ndimaivalabe. Komiti ya parishi inandisamutsira ku ntchito yonyamula mabenchi, komwe akuti luso langa silingapweteke munthu. Mwina mukudikira kuti ndinene kuti ndinaphunzira kumvera akuluakulu odziwa ntchito yawo. Ndikanakonda kutero. Chomwe ndinaphunzira n'chakuti mafuta a makina osokera sathira mu wotchi. Pali mafuta ake enieni, amabwera m'kabotolo kakang'ono ngati ka mankhwala a m'maso. Ndawafunsa Che Saidi katatu konse komwe amagulitsa, koma akukana kundiuza.