Chimbale Chomvera Milalang'amba

Lolemba

A Dayilekita, eni sukulu yathu ya pulayiveti kuno ku Kawale, atiitana aphunzitsi tonse. Akuti Loweruka kukubwera makolo, ndipo mphunzitsi amene sawagometsa aone msana wa njira. Akulankhula maso ali pa ine. Ndikudziwa, mphwawo akufuna malo anga a sayansi. Munthu woti dzana lomweli amagulitsa mowa m'chipinda chimene ndikuphunzitsiramochi! Za matipatezi, abale.

Koma nzeru ndili nayo. Ndawerenga m'magazini yakale kulaibulale kuti kutali uko kuli milalang'amba ina, uliwonse ndi nyenyezi zake zosawerengeka, yothithikana m'magulumagulu ngati nyumba za ku Mgona. Ina imatulutsa mafunde a wailesi usana ndi usiku. Ndipanga chomvera mafundewo. Makolo adzimvere okha kumwamba kukulira.

Lachiwiri

Zofunika: waya wa khola la nkhuku, ambulera yaikulu, wailesi yanga, nsungwi yaitali, mkazi womvetsa zinthu.

Zinayi zoyambazo zapezeka.

Akazi anga, mayi a Chifundo, akuti, "Anzanu akuoda kaunjika, inu muli kalikiliki kufuna nyenyezi masana." Ndikupitiriza kumanga waya wanga, sindingakangane nawo poti ndi oyembekezera. Komatu mantha ndili nawo. Ntchito ikandithera, mwana akubwerayu adzadya sayansi?

Lachitatu

Chimbale chakwera padenga! Dzuwa lisanalowe pakhomo padzaza anthu, aliyense ndi mpando wake. Akuti ndagula dishi yoonetsa mpira wakunja ngati ya mabwana. Ndikuwafotokozera za magulu a milalang'amba, wina akufunsa kuti maguluwo amasewera ligi iti. Abwerera akung'ung'udza kuti aphunzitsi ndife omana. A landilodi nawo akuti ndawaboolera malata.

Lachinayi

Zatheka! Wailesi ikulira: shiii, khrrr, shiii! Thupi lonse tsemwe, misozi ikulengeza. Ine mwana wa ku Dedza kumva zimene anzathu amamvera ndi zimakina zazikulu ngati bwalo la mpira!

Masana phokoso lija zii. Likuyambanso anthu atadya. Magetsi azima, nalonso lazima. Mlalang'amba wanji wopumulira nkhomaliro? Ndazungulira kuseri: ndi a Gondwe oyandikana nafe, akuwotcherera mafelemu a mawindo. Zandiwawa kwabasi.

Lachisanu

Ndasamutsira zonse kusukulu, kutali ndi a Gondwe. Kukumveka kaphokoso kapansipansi. Mwina ndi kumwamba, mwina mabatire akutha. A Dayilekita alembetsa kale pachipupa kuti sukulu ino ili ndi satelayiti. Akufunsa ngati milalang'ambayo ingalankhuleko Chingelezi pang'ono, poti makolo chimene amalipirira n'chimenecho.

Loweruka

Makolo adzaza, azimayi m'zitenje zatsopano, azibambo m'majekete ngakhale kukutentha. Ndikufotokoza kuti mafundewa ananyamuka kwawo anthufe tisanakhaleko. Mkulu wa mpingo wina akutsokomola mwadala. Ndayatsa wailesi, ndikupotokola pang'onopang'ono. Shiii. Mwaphuma, ndapotokola mopitiriza. Mwadzidzidzi mawu a munthu, omveka bwino kuposa masiku onse, poti chimbale chija chikukoka zedi. Wailesi ya boma, nthawi ya mauthenga achisoni!

"Mayi Kachingwe a ku Kawale mukudziwitsidwa kuti malume anu atisiya ku Ntcheu, maliro ndi mawa."

Mayi Kachingwewo ali pampando wakutsogolo. Kulira kwake! Azimayi awazungulira, wina wayambitsa nyimbo ya maliro, azibambo avula zipewa. Ndani angatsale kumvera nyenyezi mnzake ataferedwa? Onse awaperekeza kunyumba. Ndatsala ndi chimbale changa ndi a Dayilekita, akundiyang'ana ngati malumewo ndawapha ndine.

Lamulungu

Basi, ntchito yatha. A Dayilekita akuti makolo sangatumize ana kusukulu yoitana maliro. Mphwawo ayamba mawa, munthu woti sadziwa n'komwe kuti dziko limazungulira. Katundu wanga ndabwera naye pa wilibala. Kutchalitchi benchi yonse ndakhalapo ndekha. Mayi a Chifundo sakundiyankhula, bola akanandikalipira.

Masana kwafika amayi ena ochokera ku Chinsapo, nkhuku m'khwapa. Amva kuti ndili ndi makina omva zakutali. Amuna awo anapita ku Joni kalekale, mpaka lero zii, ndiye akufuna adziwe ngati ali moyo. Ndikuyamba kuwauza kuti sayansi siyenda choncho, kuti ine zanga ndi nyenyezi basi. Mayi a Chifundo atulukira pakhomo. Akuyang'ana nkhuku, yonenepa bwino, kenako akuyang'ana ine.

Ndawapatsa mpando amayiwo, ndalowa kukatenga mabatire.