Nsapato za Mwana wa a Wakuuzani

Wosoka nsapato wa pakhonde pathu sankameza nkhani asanaitafune. Ukawauza kuti mvula ikugwa, ankayamba atulutsa dzanja kunja kwa denga, likanyowa ndiye n'kuvomera. Chilichonse chimene sanachione ndi maso awo chinkakumana ndi funso limodzi: "Wakuuzani ndani?" Mpaka dzina lawo lenileni tinaliiwala, tonse tinkangoti a Wakuuzani.

Ine ndine telala. Makina anga anakhala moyandikana ndi benchi yawo zaka khumi ndi zinayi, ndiye milandu yawo yonse ndinkaimvera pafupi.

Tsiku lina mayi wogulitsa nthochi anafika ali wefuwefu, foni ili m'manja.

"Mlatho wagwa, basi yonse ili m'madzi."

"Wakuuzani ndani?"

"Mlamu wanga."

"Mlamu wanuyo anali m'basimo?"

"Ayi, wamva kwa dalaivala wa basiyo."

"Dalaivalayo wafotokoza ali pansi pa madzi?"

Mayiwo anakwinya nkhope. "Ndiye mukuti ndine wabodza?"

"Ayi mayi, simunafike pamenepo. Wabodza amadziwa zoona n'kuzibisa dala. Inu mwangosenzetsedwa katundu wa eni, simunamumasule n'komwe, ndipo mukumugawa ndi mtima woyera. Zimenezi a pa wailesi amazitchula ndi dzina lachizungu, lalitali ngati chingwe cha nsapato. Ine ndimangoti kunamizidwa n'kunamizanso anzako osadziwa."

Anthu otere ndiwo ankawaopa kwambiri, ati chifukwa nkhope zawo sizichita manyazi. Ngakhale dokotala sanapulumuke. Atawauza kuti magazi awo akuthamanga, anamufunsa kuti wamuuza ndani. Dokotala analoza makina. Iwo anawayang'anitsitsa makinawo n'kufunsa kuti nanga awa amva kwa yani.

Koma panali nkhani imodzi imene sankaifufuza. Mwana wawo mmodzi yekhayo anapita kutali kukagwira ntchito, ndipo akaimba foni, mwa apo ndi apo, ankati, "Ndibwera mwezi wamawa, bambo." A Wakuuzani ankailengeza nkhaniyo khonde lonse. Nsapato zimene mwanayo anasiya anaziika soli yatsopano, n'kumazipukuta Loweruka lililonse. Mwezi wamawawo unatha zaka zisanu ndi chimodzi. Ife amene tinkawaseka pa zonse, pa ichi chokha tinkangoweramira ntchito zathu.

A Wakuuzani atagonekedwa m'chipatala, mwanayo ndinamuimbira ndekha. Anazungulirazungulira, kenako n'kunena mosabisa kuti sangathe, mwina chaka chamawa. Ndinalowa m'wodi nditanyamula nsapato zija m'pepala, poti anali ataziitanitsa.

"Achimwene, mwana uja akubwera Lachisanu," ndinatero.

Anandiyang'anitsitsa. Ndinkadikira funso lija, yankho nditalikonza kale. Sanafunse.

"Muzipukute," anatero. "Zachita fumbi."

Anatisiya Lachitatu.

Pano pakhonde pali zii. Nkhani zimabwera pafoni n'kudutsa popanda woziimitsa, moti mlatho uja wagwanso kawiri chaka chino. Ndimawasowa kwambiri, makamaka mvula ikamagwa, poti palibe dzanja lotuluka kunja kwa denga. Nsapato zija zili pansi pa makina anga, ndipo Loweruka ndimazipukuta ndine.

Mayi wanthochi amauza aliyense wofunsa za malemuwo kuti chomvetsa chisoni n'chakuti mwana wawo anali panjira, anangotsala masiku awiri. Anamva kwa ine, ndipo nkhaniyo akuigawa ndi mtima woyera. Wabodza pakhonde lonseli ndine ndekha, ndipo woti andifunse kulibenso.